Kusiya PhD, Kupuma Kaye, Kapena Kupitiriza: Kuyerekeza Njira Zimene Wophunzira Ali Nazo

Wophunzira wa PhD, digiri yapamwamba ya kafukufuku imene imapatsa munthu dzina la udokotala, akafika poganiza zosiya, nthawi zambiri amakhala atasunga maganizowo mumtima kwa miyezi yambiri osauza munthu, ndipo pofika tsiku loti alankhule amakhala akuona njira ziwiri zokha patsogolo pake: kulimba nazo mpaka amalize, kapena kulemba kalata yotsanzika. Komatu malamulo a mayunivesite ambiri ali ndi njira zina pakati pa ziwirizi, monga kuchepetsa kukula kwa kafukufuku, kusintha mphunzitsi woyang'anira amene ambiri amangomutchula kuti supavaiza, kupuma kaye mwa chilolezo, kuphunzira pang'onopang'ono uku ukugwira ntchito, kapena kutuluka ndi digiri ya masitazi. Njira iliyonse ili ndi vuto limene imachiza ndiponso mavuto amene siiwakhudza n'komwe, choncho funso loyamba loti munthu adzifunse ndi lakuti: kodi chimene ndikufuna kuchoka pamaso pake n'chiyani kwenikweni? Ena watopetsa ndi munthu mmodzi, ena ndalama zawathera, ena akudwala, ndipo ena ntchito ya kafukufuku yeniyeniyo inawachoka mumtima. Kusiyiratu kumayankha bwino vuto lomalizali, koma kwa anthu a mavuto enawo kumawalanda zambiri kuposa zimene kumawapatsa.

Ndi bwino kudziwa poyamba kuti anthu osiya PhD si owerengeka. Bungwe la Council of Graduate Schools la ku America linatsatira ophunzira a m'mayunivesite angapo ndipo mu 2008 linalengeza kuti patatha zaka 10 chiyambire maphunziro, ophunzira pafupifupi 57 pa 100 alionse ndi amene anali atamaliza. M'maphunziro a uinjiniya omaliza anali pafupifupi 64 pa 100, pomwe m'maphunziro monga a mbiri yakale, ziyankhulo ndi filosofe anali pafupifupi 49 pa 100. Barbara Lovitts, amene anafufuza mozama za anthu osiya PhD ndi kusindikiza zimene anapeza mu 2001, anaona kuti osiya ndi omaliza sankasiyana kwenikweni pa nzeru kapena pa magiredi amene analowera. Kusiyana kwakukulu kunali pa mmene dipatimenti inawalandirira: amene anali ndi ofesi, ntchito yothandizira kuphunzitsa kapena kufufuza, anzawo ocheza nawo za maphunziro, ndi supavaiza wowasamala ankamaliza, pomwe amene anasiyidwa okha ankatha mphamvu n'kuchoka mwakachetechete, ambiri akudziimba mlandu okha. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuikumbukira poyeza njira zonse zotsatirazi, chifukwa munthu amene wakhulupirira kuti vuto ndi mutu wake saona chifukwa chofufuzira njira zina.

Kupitiriza kuli mitundu iwiri

Pali kupitiriza kumene munthu sasintha kalikonse, amangodzuka m'mawa uliwonse n'kukakhala pakompyuta pomwe anakhala dzulo, akuyembekeza kuti mwina mwezi wamawa zinthu zidzayenda zokha. Kupitiriza kotereku sindikuika pa njira zoyenera kusankha, chifukwa zimene zalephera kwa miyezi 18 sizingatheke m'mwezi wa 19 popanda chosintha. Kupitiriza kumene kuli ndi nzeru ndi kuja kochepetsa ntchito mpaka itafika pamlingo woti munthu mmodzi, wotopa, wa ndalama zochepa, angathe kuimaliza m'nthawi imene yatsala.

Ophunzira ambiri amayamba ndi kafukufuku wamkulu kuposa zimene digiri imafuna. Chimene akatswiri oyesa thesis, buku limene wophunzira amalemba pofotokoza kafukufuku wake, amayang'ana ndi chakuti wophunzira wawonjezera kanthu katsopano pa zimene anthu ankadziwa kale m'gawo lakelo, ndiponso kuti waonetsa luso lofufuza payekha. Safuna kuti athetse mafunso onse a m'gawolo. Oimira mayunivesite a ku Ulaya atakumana ku Salzburg, m'dziko la Austria, mu 2005 anagwirizana kuti PhD iyenera kutenga zaka zitatu kapena zinayi kwa munthu wophunzira tsiku lonse, ndipo muyeso umenewu ukusonyeza kukula kwa ntchito imene ikuyembekezeka. Tiyerekeze wophunzira amene analonjeza zoyesera zinayi m'labotale. Zitatu zinatheka ndipo zotsatira zake zili m'kompyuta, koma chachinayi chakana kwa chaka chathunthu, makina akuwonongeka, mankhwala akuchedwa kufika, ndipo iye wayamba kuona ngati PhD yonse yagwa. Munthu ameneyu akakhala pansi ndi supavaiza wake ndi pepala limodzi lolembapo machaputala amene alipo kale, n'kufunsa mosapita m'mbali kuti, "Kodi zitatuzi, nditazilemba bwino, zingakwane kupita kwa oyesa?" kawirikawiri yankho limakhala loti inde, ndipo choyesera chachinayicho chimasanduka ndime ziwiri za m'chaputala chomaliza zofotokoza ntchito imene ena adzapitirize. Njira imeneyi ndi yabwino kwambiri kwa munthu amene wasonkhanitsa kale zambiri ndipo chatsala n'kulemba. Kuipa kwake n'kwakuti imafuna supavaiza womva, ndipo siithandiza munthu amene ali m'chaka choyamba kapena chachiwiri amene akuona kale kuti moyo wa kafukufuku sakuufuna.

Apa m'pamene pali msampha umene umakola anthu ambiri anzeru, wowerengera zaka zimene zapita. Munthu amati, "Ndataya kale zaka zinayi, sindingasiye tsopano." Akatswiri awiri a zamaganizo, Hal Arkes ndi Catherine Blumer, anaonetsa khalidwe limeneli mu 1985 pogulitsa matikiti a zisudzo a nyengo yathunthu pa Ohio University, ena pamtengo wonse ndipo ena pamtengo wotsitsidwa mwamwayi. Amene analipira mtengo wonse anapita kukaonera zisudzo zambiri m'theka loyamba la nyengoyo kuposa anzawo, ngakhale zisudzo zake zinali zomwezo, chifukwa ankamva kuwawa kwa ndalama zimene zinatuluka kale. Zaka zinayi zapitazo sizibwerera, kaya munthu amalize kaya asiye. Zoyenera kuika pasikelo ndi zam'tsogolo zokha: kwatsala miyezi ingati ya ntchito, ndidzadya chiyani m'miyezi imeneyo, ndipo digiriyi idzanditsegulira khomo liti limene panopa ndi lotseka? Kuwerengera kotereku sikuti nthawi zonse kumatsogolera kukusiya. Munthu amene watsala ndi miyezi 8 yolemba amapeza kuti mtengo wotsalawo ndi wochepa poyerekeza ndi phindu, ngakhale atakhala kuti sakufunanso kudzakhala mphunzitsi wa payunivesite, pomwe amene watsala ndi zaka zitatu zopanda sikolashipu amapeza zosiyana.

Vuto likakhala supavaiza

Ndikhalitsa pa njira imeneyi chifukwa ndi imene ophunzira amaiopa kwambiri, pomwe ndi imene ingapulumutse ambiri mwa iwo. Pa PhD munthu mmodzi amagwira zinthu zambiri za moyo wa wophunzira: ndiye amavomereza mutu, amawerenga machaputala, nthawi zina ndiye mwini ndalama za kafukufuku, ndiye amasankha kapena kupereka maina a oyesa, ndipo ndiye adzalembe kalata ya umboni pofunsira ntchito. Ubale umenewu ukasokonekera, wophunzira amaona ngati maphunziro onse ndi oipa, chifukwa sanawaonepo kudzera mwa munthu wina. Magazini ya sayansi ya Nature itafunsa ophunzira a PhD oposa 6,300 a m'maiko osiyanasiyana mu 2019, anthu 75 pa 100 ananena kuti ndi okhutira ndithu ndi chisankho chawo choyamba PhD, komabe 21 pa 100 ananena kuti anazunzidwapo kapena kuopsezedwa pamaphunziro awo, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi anati atapatsidwa mwayi woyambiranso angasankhe supavaiza wina.

Masupavaiza ovuta ali mitundu yosiyana, ndipo mankhwala ake ndi osiyananso. Pali wosowa, amene chaputala chimene munatumiza mu Malichi chimabwerako mu Ogasiti chili ndi mawu atatu m'mphepete mwa tsamba loyamba. Pali wosinthasintha, amene pamsonkhano uliwonse amabwera ndi ganizo latsopano n'kuiwala zimene analamula mwezi watha. Pali wogwiritsa ntchito ophunzira pa zofuna zake, amene thesis yanu imaima kuti mumalize kaye nkhani zake zokasindikiza. Ndiye pali wankhanza, wonyoza pagulu, woopseza, kapena wofuna zachisembwere. Awiri oyambawo nthawi zambiri amatheka popanda kusintha supavaiza. Mukatha msonkhano uliwonse, lembani imelo yaifupi yonena kuti, "Lero tagwirizana kuti ndimalize chaputala chachitatu pofika pa 30 Juni, ndipo inu mudzandibwezera ndemanga pasanathe masabata atatu," kenako tumizani kope kwa supavaiza wachiwiri ngati alipo. Kalata zazing'onozi zimamanga munthu wosinthasintha pa mawu ake, ndipo zimakhala umboni ngati nkhani idzafike kwa akuluakulu. Ngati supavaiza wachiwiri palibe, pemphani kuti aikidwe, chifukwa kuwonjezera munthu n'kosavuta ndipo sikupweteka mtima wa aliyense monga mmene kuchotsa munthu kumachitira.

Koma kwa wankhanza, kapena kwa amene mwayesa zonsezi osasintha, kusintha supavaiza ndi ufulu umene malamulo a mayunivesite ambiri amaupereka, ndipo khomo lake ndi mkulu woona za maphunziro a masitazi ndi PhD m'dipatimenti kapena m'fakote. Mayunivesite ena alinso ndi ofesi yoima payokha yomva madandaulo mwachinsinsi. Sindikubisa kuti njira imeneyi ili ndi mtengo. Ngati ndalama zimene mumalandira zimachokera ku thumba la kafukufuku la supavaiza ameneyo, kuchoka kwa iye kungatanthauze kutaya ndalamazo. Ngati zimene mwasonkhanitsa zinapezeka m'labotale yake, pangabuke mkangano wa umwini wake, ndipo muyenera kumva zimene malamulo akunena musanalankhule ndi wina aliyense. M'dipatimenti yaing'ono mwina palibenso wina wodziwa gawo lanulo, ndipo aphunzitsi ena amazengereza kutenga wophunzira wa mnzawo poopa kudana naye. Mungatayenso miyezi 6 kapena chaka pozolowerana ndi munthu watsopano amene angafune kuti mutu upindike pang'ono. Ngakhale zili choncho, kutaya chaka chimodzi n'kochepa poyerekeza ndi kutaya digiri imene mukuifunabe, ndipo munthu amene akamawerenga za gawo lake ali yekha amasangalala, koma m'mimba mumamutentha akaona dzina la supavaiza pafoni, asasaine kalata yosiya asanayese njira imeneyi. Kusamukira kuyunivesite ina n'kothekanso, makamaka m'zaka zoyambirira, koma mayunivesite ambiri amafuna kuti wophunzira akhale nawo nthawi yakutiyakuti asanam'patse digiri yawo, choncho wosamuka mochedwa amabwerera m'mbuyo kwambiri.

Kupuma mwa chilolezo

Katia Levecque ndi anzake a pa Ghent University anafufuza ophunzira a PhD 3,659 a m'chigawo cha Flanders ku Belgium, ndipo mu 2017 analengeza kuti 32 pa 100 anali pachiopsezo chodwala matenda a maganizo, makamaka aja ovutika mumtima ndi kutaya chiyembekezo. Pa kafukufuku wa Nature uja, 36 pa 100 ananena kuti anapitapo kukafuna thandizo chifukwa cha nkhawa kapena kuvutika maganizo kobwera ndi maphunzirowo. Ziwerengerozi zikukhudza nkhani yathu mwachindunji, chifukwa matenda ovutika maganizo amasintha mmene munthu amaonera zinthu: ntchito yake imaoneka yachabe, tsogolo limaoneka lotsekeka, ndipo iye amadziona ngati wolemetsa anzake. Munthu amene sakugona, sakudya bwino, wasiya kusangalala ngakhale ndi zinthu zosakhudzana ndi sukulu, sali pamalo abwino opangira chisankho chosabwezeka. Chimene akufunika choyamba ndi dokotala kapena mlangizi wa zamaganizo, ndipo ngati maganizo odzipha ayamba kubwera, thandizolo likufunika lero lomwe, nkhani ya digiri idikire.

Ubwino waukulu wa kupuma mwa chilolezo ndi wakuti wotchi ya yunivesite imaima. Miyezi imene mwapuma siiwerengedwa pa nthawi imene munapatsidwa kuti mumalize, fizi nthawi zambiri imaimanso, ndipo malo anu amakhalapobe. Ndi njira yokhayo imene imalola munthu kulawa moyo wopanda PhD asanatseke chitseko. Amene wapuma miyezi 6 n'kupeza kuti manja akumuyabwa kufuna kubwerera ku mafunso ake wadziwa kuti chinamuvuta ndi kutopa. Amene wapuma n'kupeza kuti sanaganizepo za thesis ngakhale tsiku limodzi, ndipo moyo wake wabwerera, walandiranso yankho lomveka. Larry Page ndi Sergey Brin amatchulidwa kawirikawiri ngati anthu amene anasiya PhD pa Stanford n'kuyambitsa Google mu 1998, koma ndi bwino kukumbukira kuti anachoka ali ndi ntchito yooneka m'manja, yochokera mu kafukufuku wawo yemweyo, ndipo nkhani yawo siingakhale muyeso wa munthu amene akuchoka chifukwa chozingwa.

Kupuma kuli ndi minga yake iwiri. Yoyamba ndi ndalama, chifukwa sikolashipu zambiri zimaima munthu akapuma, kupatula pamene malamulo ake amalola malipiro a nthawi ya matenda kapena ya uchembere. M'maiko monga Sweden, Norway, Denmark ndi Netherlands ophunzira ambiri a PhD amalembedwa ngati antchito a yunivesite ndipo ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda ngati wantchito wina aliyense, koma m'maiko ena ambiri wophunzira akapuma amatsala manja lende. Yachiwiri ndi viza kwa amene akuphunzira kunja kwa dziko lake. Ku United Kingdom, kupuma kopitirira masiku 60 nthawi zambiri kumachititsa kuti yunivesite idziwitse boma n'kusiya kukuimirirani, ndipo mumayenera kutuluka m'dzikomo n'kudzapemphanso viza pobwerera. Ku America, wophunzira wa viza ya F-1 amene wasiya maphunziro mwa chilolezo amapatsidwa masiku 15 okha oti achoke. Malamulowa amasinthasintha, choncho wophunzira wakunja ayambe wapita kuofesi yoona za ophunzira ochokera kumaiko ena asanalembe pempho lililonse. Dziwaninso kuti kupuma sikusintha supavaiza woipa kapena mutu wosatheka. Mukabwerera mudzazipeza zikukudikirani pomwe munazisiya.

Kuphunzira pang'onopang'ono uku ukugwira ntchito ndi njira ya munthu amene vuto lake ndi ndalama kapena udindo wa pabanja, koma mtima wake ukadali pa kafukufuku. Nthawi yomalizira imatalika pafupifupi kuwirikiza kawiri, fizi imafalikira pa zaka zambiri, ndipo malipiro a kuntchito amachotsa nkhawa ya lendi. Imayenda bwino pa gawo lolemba ndiponso m'maphunziro amene safuna labotale. Choopsa chake n'chakuti ntchito yolipidwa imakhala ndi bwana woifunsa tsiku lililonse pomwe thesis ilibe woifunsa, ndipo munthu amene sanapatule masiku enieni pasabata oti ndi a thesis yokha amadzazindikira kuti chaka chatha asanatsegule fayilo.

Kutuluka ndi masitazi, kapena kusiyiratu

Tsopano tifike kwa munthu amene wadzifufuza moona mtima n'kupeza kuti supavaiza ndi wabwino, thanzi lili bwino, ndalama zilipo, koma ntchitoyo sakuifunanso. Kukhala yekha ndi funso limodzi kwa zaka, kulemba nkhani zimene zimakanidwa ndi kubwezedwa kangapo, kudikira miyezi kuti aone chipatso cha ntchito yake, zonsezi waziona ndipo wadziwa kuti si moyo umene akuufuna. Munthu ameneyu ali ndi chifukwa chokwanira chochokera, ndipo sayenera kudikira kuti adwale kaye kuti apeze chifukwa chimene anthu angachimve.

Ayenera kusiyanitsa maganizo amenewa ndi ena ofanana nawo, aja odziona ngati wolowa mozemba pakati pa anthu anzeru, amene tsiku lina adzagwidwa. Akatswiri a zamaganizo Pauline Clance ndi Suzanne Imes anafotokoza khalidwe limeneli mu 1978 ataona akazi ophunzira kwambiri ndi ochita bwino pantchito amene ankakhulupirirabe kuti anafika pomwe alipo mwamwayi chabe. Wodziona choncho amafuna ntchitoyo koma akuopa kuti sangaithe, ndipo umboni womutsutsa umakhalapo: anadutsa mayeso okwezera, komiti inavomereza pulani yake, nkhani yake inalandiridwa kumsonkhano wa akatswiri. Amene ntchito yamuchoka mumtima amadziwa kuti angaithe, koma akaganiza zoti waimaliza ndipo akuyamba kafukufuku wina wotsatira, samva chilichonse chomukoka.

Nkhani ya ntchito iyenera kuyang'anidwa ndi maso ouma. Bungwe la Royal Society la ku United Kingdom linasonyeza mu 2010 kuti mwa anthu omaliza PhD ya sayansi m'dzikolo, pafupifupi 3.5 pa 100 ndi amene ankapeza ntchito yokhazikika ya kafukufuku payunivesite, ndipo ofika pa upulofesa sankakwana ngakhale mmodzi pa 100. Ambiri mwa omaliza amakagwira ntchito kunja kwa yunivesite, kumene nthawi zina amakakhala desiki limodzi ndi anthu a masitazi. Komabe pali ntchito zimene popanda PhD khomo silitseguka: uphunzitsi wokhazikika m'mayunivesite ambiri, kutsogolera gulu la ofufuza m'makampani a mankhwala, ndi maudindo ena a ukatswiri m'mabungwe akuluakulu. Njira yodziwira ndi yosavuta. Tengani zotsatsa ntchito 20 za mtundu umene mukufuna kudzagwira zaka zisanu zikubwerazi, muwerenge kuti ndi zingati zikunena kuti PhD ndi yofunika, zingati zikunena kuti ingathandize chabe, ndi zingati sizikuitchula n'komwe. Kenako lankhulani ndi anthu awiri kapena atatu amene akugwira kale ntchitozo. Gulu la Levecque lija linapezanso kuti ophunzira amene ankaona kuti kunja kwa yunivesite kuli ntchito zabwino zowadikira ankavutika maganizo mocheperapo, choncho kufufuza kumeneku kumathandiza ngakhale amene adzasankhe kutsala.

Wosankha kuchoka ayambe wafunsa ngati angatuluke ndi pepala m'manja. Ku America, kumene PhD imayamba ndi zaka ziwiri kapena kuposerapo za makalasi ndi mayeso, madipatimenti ambiri amapereka masitazi kwa amene wamaliza gawo limenelo. Ku United Kingdom ndi m'maiko otsatira dongosolo lake, wophunzira angathe kulemba thesis yaifupi n'kuyesedwa pa digiri ya MPhil, imene ndi masitazi ya kafukufuku. Ku Sweden kuli digiri ya licentiate, imene imayimira pafupifupi theka la PhD, zaka ziwiri za ntchito. Njira imeneyi imafuna miyezi ingapo yowonjezera yolemba, koma imasandutsa zaka zimene zikanaoneka ngati dzenje pa CV kukhala digiri yooneka, ndipo m'maganizo mwanga ndi yabwino kuposa kusiyiratu pafupifupi nthawi zonse pamene ikupezeka. Pokhapokha ngati munthu ali nayo kale masitazi m'gawo lomwelo ndipo ntchito yabwino ikumudikira, kapena ngati kukhala ngakhale mwezi umodzi wina kukuwononga thanzi lake, m'pamene kuchoka wopanda pepala kumakhala kwanzeru. Ngakhale pamenepo zakazo sizinapite pachabe, chifukwa pa CV zimalembedwa ngati zaka za ntchito ya kafukufuku, pamodzi ndi maluso ake: kusanthula ziwerengero, kulemba malipoti, kuyendetsa pulojekiti, kuphunzitsa.

Pali nkhani ziwiri zimene zimalemera kwambiri posiya. Yoyamba ndi mgwirizano umene munasaina ndi okulipirirani. Amene anatumizidwa ndi abwana ake pa tchuthi cha maphunziro, kapena amene analandira sikolashipu ya boma kapena ya bungwe, kawirikawiri anasaina kuti akalephera kumaliza adzabweza ndalama zina kapena zonse, kapena adzagwira ntchito zaka zakutizakuti. Pepala limenelo liwerengedwe mzere uliwonse, chifukwa mapangano ena amasiyanitsa wosiya mwa kufuna kwake ndi wosiya chifukwa cha matenda, ndipo ena amavomereza masitazi ngati mathero ovomerezeka. Yachiwiri ndi abale. Kwa munthu amene ndi woyamba m'banja lake kufika pamlingo umenewu, amene makolo anayamba kale kumutchula kuti dokotala, mawu oti "ndasiya" amalemera ngati mwala pakamwa. Manyazi amenewa ndi enieni ndipo sindikuwapeputsa. Koma abale amakhumudwa kwa miyezi, pomwe zaka zitatu zina za ntchito imene simukuifuna mudzazisenza nokha, ndipo ambiri a iwo amamvetsa msanga akauzidwa chisankho chimene chili ndi pulani kumbuyo kwake, monga ntchito imene mwapeza kapena digiri imene mutuluke nayo.

Njira imene palibe amaisankha koma ambiri amaitsata

Pali anthu ambiri amene sanasiye ndiponso sakupitiriza. Anasiya kuyankha maimelo a supavaiza chifukwa cha manyazi oti alibe chatsopano chosonyeza, kenako manyaziwo anakula chifukwa cha kusayankhako, ndipo chaka chilichonse amalembetsanso dzina, mwina kulipira fizi, osalemba ngakhale tsamba limodzi. Ku America anthu amene anamaliza zonse kupatula thesis amatchedwa ABD, ndipo ena amakhala m'gulu limeneli mpaka nthawi imene yunivesite inawapatsa itatha. Mwa njira zonse, iyi ndi yoipitsitsa, chifukwa munthu amalipira mtengo wa kupitiriza ndi mtengo wa kusiya nthawi imodzi. Sapuma ndi mtima wonse, safunsira ntchito ndi mtima wonse, ndipo pamapeto pake yunivesite imamuchotsa m'kaundula, mwayi wa masitazi utadutsa, kalata ya umboni yochokera kwa supavaiza itavuta kuipempha. Amene akudziona m'ndime imeneyi alembe imelo ya mizere inayi lero, yonena kuti wakhala chete chifukwa zinthu zinamuvuta ndipo akupempha msonkhano wokambirana njira zimene zatsala. Masupavaiza ambiri anaonapo zoterezi kangapo, ndipo amakonda kumva zoona kusiyana ndi kukhala osadziwa.

Poyeza zonsezi, dongosolo la kachitidwe lili ndi ntchito yaikulu, chifukwa njira zina zimabwezeka pomwe zina sizibwezeka. Kuchepetsa kafukufuku, kuwonjezera supavaiza wachiwiri ndi kupuma mwa chilolezo zimasiya zitseko zonse zili zotsegula. Kusintha supavaiza ndi kutembenukira ku maphunziro apang'onopang'ono zimatseka zochepa. Kutuluka ndi masitazi ndi kusiyiratu zimatseka chitseko cha pulogalamu imeneyo, ngakhale munthu angadzayambenso PhD kwina m'tsogolo. Choncho yambani ndi zobwezeka, ndipo dziikireni tsiku, mwachitsanzo miyezi itatu kapena inayi kuchokera pamene mwasintha kanthu, loti mudzakhalenso pansi n'kuona ngati zasintha. Pa nthawi yodikirayo werengani buku la malamulo a PhD la yunivesite yanu kuyambira koyamba mpaka kumapeto, lankhulani ndi munthu mmodzi amene anamaliza ndi wina amene anasiya, ndipo ngati tsikulo lafika mtima uli pa kuchoka, musanasaine fomu pemphani zinthu zinayi zolembedwa: digiri imene mungatuluke nayo ndi zimene ikufuna, ndalama zimene mungafunike kubweza, tsiku limene viza ndi malipiro anu zidzathe, ndi mgwirizano wa mmene dzina lanu lidzalembedwere pa nkhani zimene zidzasindikizidwe kuchokera mu ntchito imene mwagwira kale.